Mbande zikamagwa pa nazale: mbewu yopirira, mankhwala, moto kapena madzi?

Amene anafesapo nazale kuno ku Salima mu Januwale akudziwa zimene ndikunena. Mvula imagwa usiku wonse, m'mawa dzuwa n'kuswa mtengo, nthaka n'kuyamba kufuka nthunzi. Ukapita kukaona mbande zimene dzulo zinali chilili, upeza zina zagona, osati bedi lonse, koma malo amodzi ozungulira ngati panakhala mphika. Ukazula imodzi, pakhosi pamene tsinde limakumana ndi dothi paonda ngati ulusi, ndipo pafewa, pali madzimadzi. Mawa lake bwalo lija lakula. Sabata isanathe, bedi lapita.

Ine ndimafesa maluwa a m'mabedi ndi mbande za matimati, ndipo ondigula ambiri ndi a malo ogona alendo ku Senga Bay, matchalitchi, masukulu ndi mabanja ofuna kukongoletsa pakhomo. Dzinja lina ndinataya pafupifupi maluwa onse a vinca amene ndinalonjeza kasitomala. Mnzanga wa nazale ya mitengo anabwera, n'kuyang'ana, n'kunena kuti, "Achimwene, kunja kunabwera mbewu yosagwidwa matenda. Bwanji osangogula imeneyo?" Mayi wina wa kudimba anati ayi, ndipopere. Bambo wina amene analimapo fodya anati vuto langa n'loti sindiwotcha nazale. Onse atatu amanena zoona pang'ono. M'zaka zotsatira ndinayesa njira zonsezo ndi zina, ndipo sizilingana mphamvu, mtengo kapena nthawi yake.

Mdani wake ndi wosambira

Ambirife timati ndi chuku, ndipo pooneka chimafanana nachodi. Koma tizilombo timene timawoletsa mbande nthawi ya mvula si chuku chenicheni ngati chija chimagwira chimanga m'nkhokwe. Asayansi amatitcha oomycete, ndipo ubale wake uli pafupi ndi ndere za m'madzi. Ine ndimangoti chuku cha m'madzi. M'banjali muli Pythium, amene amagwetsa mbande ndi kuwoletsa mizu. Muli Phytophthora, dzina limene katswiri wa ku Germany Anton de Bary anapereka mu 1876, lotanthauza wowononga zomera. Mtundu wake wina, Phytophthora infestans, ndi umene unawoletsa mbatatesi ku Ireland kuyambira 1845 n'kugwetsa njala imene inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo ndi womwewo umene umabweretsa chiwawu cha matimati ndi mbatatesi ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ngakhale matenda a zilonda za nsomba amene anabuka ku Mchinji mu 2020 amayamba ndi kachilombo ka m'banja lomweli.

Chimene chiyenera kukhala m'mutu mwa munthu wa nazale n'chakuti tizilomboti timabereka timbewu tosambira. Kambewu kalikonse kali ndi timichira tiwiri, ndipo dothi likakhuta madzi kamasambira kutsatira fungo la zimene mizu imatulutsa. Kakafika pamuzu kamamatirira, n'kumera, n'kulowa. Popanda madzi oima kalibe njira. Kukauma, tizilomboti timapanga timbewu tina ta chikopa chokhuthala timene timagona m'dothi zaka zingapo kudikira mvula. N'chifukwa chake bedi limene linadwala chaka chatha limadwalanso.

Kuno kunyanja tili ndi tsoka lapadera. Mitundu ina ya Pythium imakonda kozizira, koma Pythium aphanidermatum ndi Phytophthora nicotianae zimakondwa kukatentha kupyola madigiri 30, ndiye kuti nyengo yathu ya Disembala mpaka Malichi ndi kwawo. Alimi a fodya amamudziwa wachiwiriyu chifukwa ndi amene amadetsa ndi kuwoletsa tsinde la fodya. Pa vinca ndi petunia sadikira n'komwe kulowera kumizu. Dontho la mvula likamenya dothi limamwaza matope pa nthambi, nthambiyo n'kuda, n'kulendewera, tsiku limodzi kapena awiri.

Pali mdani wina wogwetsa mbande amene si wa m'banjali, Rhizoctonia, ndipo iyeyo ndi chuku chenicheni. Bala lake pakhosi limakhala louma, lofiirira. La Pythium limakhala lonyowa, ndipo ukakoka muzu khungu lake limasupuka n'kusiya kaulusi pakati. Kusiyanitsa awiriwa kumapulumutsa ndalama, monga tidzaonera pa mankhwala.

Mbewu yopirira yogula

Ndiyambe ndi njira ya mnzanga uja, chifukwa ndi imene imakopa mtima, ndipo nkhani yake ili ndi mbali yotikhudza ife Amalawi.

Duwa limene kwa zaka zambiri linkagulitsidwa kwambiri m'mabedi a pamthunzi ku Ulaya ndi ku America ndi Impatiens walleriana. Kwawo ndi kuno kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Kenya kutsika mpaka ku Malawi ndi Mozambique, m'malo a chinyezi a m'mapiri. Dzina lake linachokera kwa Horace Waller, mmodzi wa amishoni a UMCA, a mpingo wa Anglican, amene anafika ku Magomero ndi Bishopu Charles Mackenzie mu 1861. Mu 2011 matenda a banja la chuku cha m'madzi anasesa duwali ku Britain, ndipo m'zaka za 2011 ndi 2012 anafalikira ku America. Masamba ankachita chikasu, pansi pake n'kuyera mbuu, kenako n'kuyoyoka kusiya timitengo tokhatokha. Ogulitsa ambiri anasiya kuligulitsa.

Makampani a mbewu anayankha ndi ntchito yofuna kuleza mtima. Amasonkhanitsa kachilomboko kuchokera m'madera osiyanasiyana, n'kufesa mbande zikwizikwi, n'kuzipatsira matendawo mwadala. Zochepa zimene zatsala amazikwatitsa ndi mitundu ya maluwa okongola, n'kuyesanso ana ake, mobwerezabwereza kwa zaka. Syngenta inatulutsa mtundu wotchedwa Imara XDR, dzina la Chiswahili lotanthauza cholimba, ndipo PanAmerican Seed inatulutsa Beacon, zonsezi kumapeto kwa zaka za m'ma 2010. Kunalinso SunPatiens ya kampani ya ku Japan ya Sakata, yochokera ku mitundu ya ku New Guinea imene mwachibadwa sigwidwa matendawa.

Ntchitoyi ndimaipatsa ulemu. Koma munthu wa ku Salima aone bwino chimene akugula. Matenda amene Beacon ndi Imara amapirira ndi a pamasamba, okonda kuzizira ndi nkhungu. Ku Zomba, ku Dedza kapena ku Mzuzu mbewuyi ingakhale ndi ntchito. Kuno chimene chimapha duwali ndi dzuwa ndi kuwola kwa mizu, ndipo pa zimenezi paketi yodulayo sikulonjezani kanthu. Kupirira kulikonse kuli ndi dzina la matenda ake. Mawu oti "yopirira matenda" opanda dzina la kachilombo ali ngati kunena kuti mankhwala awa ndi a matenda, osanena matenda ati.

Mtundu umene unapangidwira vuto lathu lenileni ndi wa vinca. Duwali, limene asayansi amalitcha Catharanthus roseus, linachokera ku Madagascar, ndipo mumaliona likumera lokha m'mbali mwa nyumba ndi pamanda, la pinki kapena loyera. Ndi lomwelo limene kumachokera mankhwala a khansa otchedwa vincristine ndi vinblastine, ngakhale kuti lokha ndi poizoni, si lotafuna kapena kuwiritsa. Limapirira dzuwa ndi mchenga kuposa maluwa ambiri, koma mvula ikachuluka Phytophthora nicotianae amalimaliza. Kampani ya ku California ya Goldsmith Seeds inatulutsa vinca wotchedwa Cora mu 2007, wopirira kuwola kwa nthambi kumeneku. Syngenta itagula kampaniyo mu 2008 inapitiriza ntchito, ndipo patapita zaka inatulutsa Cora XDR.

Funso loyenera kufunsa n'lakuti, ngati Cora woyamba anali wopirira, wachiwiri anafunikiranji? Yankho lake ndilo malire a njira yonseyi. Kachilomboka kali ndi mafuko ambiri, ndipo duwa lopirira mafuko ena limatha kugwa likakumana ndi fuko lina. Alimi a mbatatesi anaziona kale zimenezi. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 akatswiri analowetsa mu mbatatesi mphamvu zopirira zochokera ku mbatatesi yakutchire ya ku Mexico yotchedwa Solanum demissum, koma chiwawu chinazigonjetsa imodziimodzi m'zaka zochepa. Kupirira kodalira jini imodzi, kanthu ka chibadwa kamene chomera chimatengera kwa makolo ake, kuli ngati chitseko cha loko mmodzi, wakuba akapeza kiyi wake, basi. Kupirira kodalira majini ambiri sikutsekeratu matenda, duwa limadwalabe pang'ono, koma kumakhalitsa. Komanso mbewuzi zinayesedwa pa mafuko a kachilombo osonkhanitsidwa kumayiko kumene makampaniwo amagulitsa kwambiri. Ku dothi la ku Maganga kapena ku Khombedza, woyesa ndinu.

Pali zina zitatu zimene wogula azidziwe. Mbewuzi ndi za haibulidi, ngati chimanga chogula chija, ndiye mukakolola njere n'kufesanso, ana ake amatuluka osiyanasiyana ndipo kupirira kumabalalika. Chaka chilichonse mumabwerera kukagula, ndipo mtengo wake umatsatira dola. Chachiwiri, kuitanitsa mbewu kunja kumafuna chilolezo cha boma, ndipo lamuloli si lovutitsa munthu, ndi limene limatiteteza kuti tisalowetse matenda amene kuno kulibe. Chachitatu ndicho chachikulu: pa Pythium wogwetsa mbande, kupirira kodalirika n'kosowa m'maluwa ngakhale m'matimati. Kachilomboka sikasankha, kamadya pafupifupi chomera chilichonse chanthete. Vinca wopirira amaonetsa mphamvu zake atakula, ali m'bedi la kasitomala mvula ikumumenya. Pa masabata awiri oyamba ali pa thireyi ndi khanda ngati anzake onse.

Ndiye ine mbewu yotere ndimaiona yoyenera pamene kasitomala akufuna bedi lalikulu la mtundu umodzi, maluwa akuluakulu ofanana, loti likhale lokongola kuyambira Khirisimasi mpaka Isitala, ndipo ali wokonzeka kulipira. Pamenepo imabweza ndalama zake. Kugula kuti ichiritse nazale yonyowa, ayi.

Kusankha nokha

Pali njira ina yofanana ndi ya makampani, koma ya munthu wopanda labotale. Agogo athu ankachita zomwezi posankha ngala za mapira zosunga. Bedi la vinca wamba likawola, kawirikawiri pamatsala mitengo iwiri kapena itatu yobiriwira pakati pa yakufa. Imeneyo musaizule. Imangeni kansalu, idikireni ibereke timakoko take tiwiritiwiri, ndipo mutithyole titayamba kuchita chikasu, chifukwa tikauma timang'ambika n'kutaya njere.

Msampha wake ndi wakuti si mtengo uliwonse wotsala umene uli wopirira. Wina unangopulumuka chifukwa unali pamalo okwera, kapena denga linkautchinga mvula. Kuti mudziwe, muyenera kuchita mwadala chinthu chimene mtima umakana: kubzala ana ake m'dothi lomwe lija lodwala, nthawi ya mvula, pambali pa vinca wamba woti mufananitse naye. Onse akapulumuka, ndiye kuti chaka chimenecho matenda sanabwere ndipo simunaphunzire kanthu. Wamba akafa, osankhidwa n'kutsala ambiri, mwayamba kupeza chinthu. Mubwereze madzinja atatu kapena anayi. Bedi loyeserali likhale kutali ndi nazale, kumunsi kwake, ndi khasu lakelake, ndipo mukachokako musambe mapazi musanalowe kumene kuli mbande zogulitsa.

Ubwino wake ngwakuti mukusankha pa fuko la kachilombo limene lili m'dothi lanulo, ndipo njere zake ndi zanu, mungagawire anansi. Kuipa kwake ndi nthawi, komanso maluwa ake amakhala aang'ono, mitundu yochepa, mitengo yotalika mosiyana. A kutchalitchi ndi kusukulu salabadira zimenezo. A malo ogona alendo ena amalabadira. Ine njirayi ndimaikonda kuposa mmene phindu lake lingandilolere, chifukwa duwa limene ladutsa madzinja anayi a ku Salima lili ndi umboni umene kabuku ka kampani sikangandipatse.

Pafupi ndi njirayi pali yachidule: kusintha duwa. Petunia ndi snapdragon m'dzinja la kuno n'kutaya ndalama, asungireni Meyi mpaka Ogasiti pamene mwera ukuwomba ndipo madzi mukuthirira nokha. Pa bedi limene vinca anawolapo, marigold, celosia, zinnia kapena lantana amachita bwino chifukwa Phytophthora nicotianae sawagwira kwambiri akakula. Kasitomala akaumirira petunia mu Januwale ndimamuuza mosabisa kuti, "Bwana, ndikugulitsani, koma pofika Febuluwale mudzandiimbira foni mutakwiya." Ambiri amamva.

Mankhwala

Apa ndi pamene ndalama zambiri za anthu a nazale zimathera, ndipo zambiri zimathera pachabe. Chifukwa choti tizilomboti si chuku chenicheni, mankhwala ambiri a chuku satikhudza. Khungu lake ndi la mtundu wina, ndipo mankhwala ena otchuka amagwira ntchito potseka chinthu chimene chuku chimapanga koma tizilomboti sitipanga n'komwe. Chaka chimene ndinataya vinca ndinagula botolo limene wogulitsa wina anandilozera, ndinapopera katatu, mbande zikugwabe. Nditawerenga bwino lebulo ndinapeza kuti anali a matenda ena.

Amene amagwira ntchito ali m'magulu awiri. Oyamba ndi otchinga kunja, monga mancozeb amene ambiri timamudziwa kuti Dithane, ndi mankhwala a kopa. A kopawa ndi akalekale. Ku France m'zaka za m'ma 1880, Pierre Millardet anapeza kuti kopa wosakaniza ndi laimu amateteza mphesa ku matenda a banja lomweli, ndipo ndiwo amatchedwa Bordeaux mixture. Otchingawa amakhala pamwamba pa tsamba, amateteza pokhapo pamene afika, mvula imawatsuka, ndipo sachiritsa chomera chodwala kale. Pa chiwawu cha masamba amathandiza mukayamba msanga. Pa muzu umene ukuwola pansi pa dothi, kupopera masamba n'kungonyowetsa. Kopa akachuluka amawauliranso mbande zanthete.

Achiwiri ndi olowa m'thupi la chomera. Wotchuka ndi metalaxyl, amene kampani ya Ciba-Geigy inatulutsa mu 1977, ndipo lero mtundu wake wotchedwa metalaxyl-M timaupeza mu Ridomil Gold utasakanizidwa ndi mancozeb. Pa Pythium ndi Phytophthora ndi wamphamvu zedi. Palinso propamocarb, wothira m'dothi la nazale. Koma mbiri ya metalaxyl ndi chenjezo. Pofika 1980, patangopita zaka zitatu, chiwawu cha mbatatesi ku Ireland ndi ku Netherlands chinali chitamuzolowera. Matenda a Impatiens aja a mu 2011 ku Britain anafala chomwecho mwa zina chifukwa fuko limene linabuka silinkamumva. N'chifukwa chake amagulitsidwa wosakaniza, ndipo lebulo limaletsa kumubwereza kambirimbiri pa nyengo imodzi. Ndipo ngati wogwetsa mbande zanu ndi Rhizoctonia, metalaxyl samukhudza.

Ine mankhwala ndimawasunga ngati ndowa ya madzi yozimitsira moto. Bwalo la mbande zogwa likaoneka, ndimachotsa thireyi yonseyo kapena kufukula malowo ndi dothi lake lomwe, kupyola pang'ono pamene matenda aonekera, ndimasiya kuthirira tsiku limenelo, kenako ndi pamene ndimathira mankhwala pa zotsalazo. Gulani okhawo ovomerezeka ndi Pesticides Control Board, a m'paketi yosatsegula, osati ufa wa m'timapepala wopanda dzina. Tsatirani muyezo wa pa lebulo, valani zodzitetezera, ndipo sipuleya musatsukire kumtsinje kapena kunyanja. Kopa ndi mancozeb ndi poizoni kwa nsomba, ndipo ife a kuno nsombazo ndiye ndiwo zathu.

Kuphika dothi

Bambo wa fodya uja ankanena nzeru yakale. Alimi a fodya akhala akuunjika mapesi pa bedi n'kuwotcha asanafese. Ena ankagwiritsa ntchito mpweya wa methyl bromide, umene unaletsedwa potsatira pangano la ku Montreal la 1987 chifukwa umawononga mlengalenga. Mfundo yake ndi imodzi: timbewu togona m'dothi tife mbewu yanu isanalowe.

Kuwotcha mapesi n'kotchipa, koma moto umatentha kwambiri pamwamba n'kusiya pansi posapsa, umadya manyowa, ndipo phulusa limachepetsa asidi m'dothi. Matimati salabadira kwenikweni. Vinca amakonda dothi la asidi pang'ono, la pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya pakati pa 5.5 ndi 6, ndipo pa phulusa lambiri masamba ake amachita chikasu.

Nthunzi ndi yabwino kuposa moto. Mumatenga mgolo, madzi pang'ono pansi, chitsulo chobowolabowola pamwamba pa madziwo, dothi lonyowa pang'ono pamwamba pake, n'kuvindikira ndi chiguduli. Kutentha kwa madigiri 60 mpaka 70 kwa mphindi 30 kumakwana kupha tizilomboti. Wopanda chipangizo choyezera angakwirire mbatatesi yaing'ono pakati pa dothilo, ikapsa ndiye kuti dothi lapsanso. Musapitirire pamenepo, chifukwa dothi lophikidwa mopyola limatulutsa michere imene imawotcha mizu yanthete. Vuto la njirayi ndi nkhuni. Aliyense amene waona mmene makala adyera mitengo m'mbali mwa nkhalango ya Thuma sangakondwe kuwonjezera mgolo wina pamoto. Ine ndimasonkhezera zitsononkho ndi mapesi, ndipo ndimaphika dothi la m'mathireyi lokha, limene ndi lochepa.

Pa mabedi, Salima anatipatsa ng'anjo yaulere. Njira yophika dothi ndi dzuwa inafotokozedwa ndi Jaacov Katan ndi anzake ku Israel mu 1976, ndipo imafuna chinthu chimene ife timadandaula nacho mu Okutobala. Mumalima bedi, kuswa zibuma, kusakaniza manyowa, kuthirira mpaka madzi alowe pansi, kenako kuyala pulasitiki woonekera mkati, osati wakuda, n'kukwirira m'mphepete monse kuti nthunzi isatuluke. Mumasiya masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Pamwamba pa dothi pamatentha kufika madigiri 50 kapena kupyola, ndipo njere zambiri za udzu zimafera pomwepo. Mukachotsa pulasitiki musalimenso mozama, mungafukule za pansi zimene sizinapse. Njirayi ndiyo yoposa zonse pa mtengo, koma siimva changu. Amene wakumbukira mu Disembala mitambo itabwera wachedwa.

Dothi lophikidwa lili ndi chiopsezo chake. Mwapha adani pamodzi ndi tizilombo tabwino timene timalimbana nawo, ndiye mudzi uli bwinja. Pythium akalowa kudzera pa khasu kapena m'madzi amathamanga kuposa mmene akanachitira m'dothi losaphika. Kompositi wopsa bwino, kapena mankhwala amoyo a Trichoderma, chuku chabwino cholimbana ndi tizilomboti, amathandiza kudzaza bwinjalo, ngakhale kuti paokha sangaimitse matenda atabuka.

Madzi ndi pokhala mbande

Njira iyi ilibe paketi kapena botolo, n'chifukwa chake palibe amene amaitsatsa. Koma nditayesa zonse, ndi imene inasintha nazale yanga.

Yambani ndi kumene madzi akuchokera. Madzi a mumtsinje wa Linthipe kapena Lifidzi, a m'chitsime chosazama cha kudimba, a m'thamanda, onsewa amalandira zotsuka za m'minda, ndipo nthawi ya mvula amatha kunyamula timbewu tosambira. Kuphika dothi kenako n'kulithirira madzi a m'dambo n'kubweza mdani pakhomo ndi keni yanu yomwe. Madzi a pa mjigo, a pampopi kapena a mvula otchera padenga mu mgolo woyera ndi abwino kwa mbande zanthete. Ngati ndi ochepa, asungireni masabata atatu oyambawo. Mbande ikakhwima tsinde imapirira kwambiri.

Kenako dothi lofesera lizitaya madzi. Makande athu a m'madambo amagwira madzi ngati mtsuko, ndipo m'chubu amasanduka phala. Mwayi wathu ndi mpunga. Kuchokera ku Lifuwu mpaka ku sikimu ya Bua ku Nkhotakota, pa zigayo za mpunga pamakhala milu ya mankhusu. Mukawawotcha mofukiza kuti ade ngati makala osafika posanduka phulusa, amakhala opepuka, oyera ku matenda, ndipo amatsegula dothi kuti mpweya uzilowa. Ine ndimasakaniza magawo awiri a dothi lophika, limodzi la manyowa owola bwino ndi limodzi la mankhusuwa, nditayamba ndawatsuka kuchotsa phulusa. Mchenga wa kumtsinje umathandizanso, koma uphikidwe kaye, chifukwa umachokera komwe kuja kuli mdani.

Mathireyi ndi machubu asakhale pansi. Ndinamanga thandala lofika m'chiuno, ngati loyanikapo mbale, kuti madzi otuluka mu chubu chimodzi asalowe mu china ndiponso matope asathovukire m'mwamba. Pamwamba ndinaika denga la pulasitiki, m'mbali n'kusiya pululu kuti mphepo ya kunyanja izidutsa. Shedi yotsekedwa mbali zonse kuno imasanduka bafa la nthunzi, ndipo Pythium aphanidermatum safuna china. Mathireyi akale ndimawatsuka kaye dothi lonse, kenako n'kuwaviika mphindi 30 m'madzi a Jik, gawo limodzi la Jik pa magawo 9 a madzi, n'kuwatsukuluza. Mukaviika ali ndi matope, mphamvu ya Jik imathera pa matopewo.

Zotsalazo ndi za dzanja. Thirirani m'mawa kuti pofika madzulo pamwamba pakhale pouma. Musanathirire pisani chala, ngati pansi pali chinyezi dikirani. Ana ndi antchito atsopano amathirira chifukwa nthawi yakwana, osati chifukwa mbande yamva ludzu, ndipo vinca amafa ndi chikondi chotere kuposa chilala. Musafese mothithikana kapena mozama, patulirani msanga, ndipo musafulumire kuthira yureya, chifukwa mbande yonenepa mwachangu imakhala yofewa ndipo feteleza wochuluka amapsereza nsonga za mizu, n'kutsegulira kachilombo khomo. Mukawokera kwa kasitomala, bedi likhale lokwera, khosi la duwa lisakwiririke, ndipo muphimbire pansi ndi udzu wouma kapena mankhusu kuti mvula isamwaze matope pa nthambi.

Munthu woyamba kumene, wa ndalama zochepa, akandifunsa poyambira, ndimamuuza kuti agule pulasitiki ndi misomali ya thandala asanagule mbewu yodula kapena mankhwala. Amene ali kale ndi nazale youma bwino ndipo vinca akumufera m'mabedi a makasitomala, ameneyo ndiye wofunika Cora XDR, kapena njere zake zosankha ngati ali ndi madzinja oti adikire. Amene akufesa matimati a kudimba aike mtima pa dzuwa la Okutobala ndi madzi a pa mjigo, Ridomil akhale m'kabati.

Kwanga chaka chino mabedi anayi ndiwaphimba sabata yachiwiri ya Okutobala. Kumunsi, kuseri kwa nthochi, bedi lodwala lija ndalisiya dala. Mvula ikakhazikika ndidzabzalamo mizere itatu: vinca wogula, vinca wamba wa m'mbali mwa msewu wa ku Senga Bay, ndi adzukulu a mitengo iwiri ya pinki imene inatsala chaka chimene ndinataya zonse.